Masiku awiri m'hotela ya mabwana ndi thumba la mphunzitsi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga nonse amene munadutsa m'manja mwanga ndipo pano munabalalika m'dziko muno ndi kunja komwe, ena mwa inu mwakhala mukundifunsa kuti nkhani ya ku Blantyre ija ndidzaifotokoza liti. Mayi a kunyumba anaulula kale theka lake kwa anzawo, ndipo theka limene anasankhalo ndi londichititsa manyazi. Ndiye lero ndati ndiifotokoze ndekha yonse, kuti wofuna kuseka aseke atamva mbali zonse.

Mu Ogasiti 2024 ine ndi mayi a kunyumba tinakwanitsa zaka 30 tili pabanja. Tinakwatirana mu 1994, chaka chimene dziko lathu linachita chisankho cha zipani zambiri, chomwenso boma linayambitsa maphunziro aulere ku pulayimale. Nthawi imeneyo ndinali kamphunzitsi kongoyamba kumene. Titachoka ku madyerero a ukwati tinangolunjika ku nyumba ya sukulu ya zipinda ziwiri, katundu wathu ali mphasa, mapoto atatu ndi wailesi ya mabatire. Zokapuma kunyanja kapena ku hotela monga achitira achinyamata a masiku ano sitinkazidziwa n'komwe. Pa zaka zonsezi malo apamwamba amene ndinagonapo anali resitihausi ya pa boma, ija amakusiyira chidebe cha madzi otentha pakhomo m'mawa.

Ndiye tsiku lina madzulo foni inalira pa WhatsApp. Anali mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa masamu kalekale, yemwe pano ndi namwino ku Manchester. Ali Fomu 4 bambo ake anamwalira, ndipo anatsala pang'ono kulephera kulemba mayeso a MSCE chifukwa chosowa ndalama yolipira ku MANEB. Akuti ndinamulipirira ndine. Kunena zoona ndinali nditaiwala, chifukwa ndalamayo sinali yambiri, komanso aphunzitsi ambiri a m'midzi timachita zimenezi mwakachetechete chaka ndi chaka. Iye sanaiwale. Anati, "Aphunzitsi, ndamva kuti inu ndi amayi mukukwanitsa zaka 30. Ndakulipirirani masiku awiri pa hotela ina yaikulu ku Blantyre, Lachisanu ndi Loweruka. Chipinda ndi chakudya cha m'mawa ndalipira kale. Kodi zinazo mukwanitsa, kapena ndiwonjezere?"

Abale anga, apa ndi pamene ndinalakwira koyamba. Mwana anafunsa funso labwinobwino, koma ine, pokumbukira kuti ndine amene ndinkamukalipira akachedwa m'kalasi, ndinayankha motukumula chifuwa kuti, "Usadandaule mwana wanga, zinazo ndi zazing'ono." Akulu anati kupatsa n'kuika, ndipo ndinaona kuti n'zoona. Koma sanatiuze kuti kulandira nakonso kumafuna nzeru zake.

Mwezi umenewo chipereganyu cha ku stafu chinagwera ine, moti ndinali ndi K160,000. Mkati mwa ndalamayi munali K35,000 ya nsapato za mwana wathu wotsiriza amene amayembekezera kuyamba Fomu 1 mu Seputembala, ndi kena koti mayi agule chitenje cha chikumbutso. Tinanyamuka pa Ntcheu Lachisanu m'mawa, basi inatidya K24,000 anthu awiri. Tinadutsa pa Chingeni pomwe magalimoto anayamba kulipira msewu mu 2021, kutsikira ku Zalewa kukawoloka Shire, kenako Lunzu, mpaka pa Wenela. Kuchoka pa Wenela kukafika pa hotelayo ndi mtunda woti munthu wa kumudzi ngati ine ndikhoza kuyenda ndisanatuluke thukuta. Koma ndinaganiza kuti alonda a pageti atiyang'ana bwanji tikafika wapansi titanyamula chikwama ndi jumbo. Ndinaitana takisi, K6,000 n'kupita. Mayi anangondiyang'ana osanena kanthu. Nditapatula K24,000 yobwerera, m'thumba munatsala K106,000.

Polandirira alendo panali kamtsikana kaulemu kwambiri. Kanapeza dzina langa pa kompyuta, n'kunena kuti zonse zinalipiridwa, koma pakufunika kuti ndisiye chikole cha K100,000 cha zina zimene tingagwiritse ntchito, yomwe adzandibwezere potuluka. Mtima unagunda. Ndikanapereka, bwenzi titatsala ndi K6,000 mumzinda wa eni. Ndisanatsegule pakamwa mayi anafunsa mofatsa kuti, "Mwana wanga, nanga munthu akati chilichonse chimene watenga azilipira pompopompo, osalembetsa ngongole, zimatheka?" Kamtsikana kaja kanati zimatheka ndithu, kangotseka akaunti ya chipinda chathu kuti pasalembedwe kanthu. Nkhani inathera pomwepo. Ine amene ndakhala ndikuuza ana zaka zonsezi kuti safunsa anadya phula, ndinali nditaima duu ngati chitsa.

Za chipindacho ndingakuuzeni chiyani? Tinakwera pa chikepe, mayi atagwira mkono wanga zolimba. Chitseko chinatseguka ndi kakhadi, ndipo magetsi anakana kuyaka mpaka mnyamata wonyamula katundu atationetsa kamphako koikamo kakhadi komweko. Bedi linali lalikulu loti banja lonse la mlamu wanga likhoza kugonapo. Kubafa madzi otentha amangotuluka okha, matawulo oyera mbee anali anayi. Patebulo panali ketulo yamagetsi, masamba a tiyi, khofi, shuga ndi mabotolo awiri a madzi olembedwa kuti ndi aulere. Pansi pake panali kafiriji kodzaza zakumwa ndi chokoleti, ndipo pamwamba pake panali kapepala ka mitengo. Nditawerenga kapepalako ndinatseka kafiriji kaja pang'onopang'ono ngati muli njoka. Kuseri kwa chitseko ndinaonanso mtengo wa chipindacho. Usiku umodzi unali pafupifupi malipiro anga a mwezi wathunthu. Mukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, zinthu zonse n'kukwera, koma malipiro athu anatsalira m'mbuyo ngati mwana wobwereza kalasi.

Madzulo atakwana mayi anatulutsa m'jumbo mbatata yophika ndi nkhuku yokazinga yomwe anakonza kunyumba. Anati tidye zimenezi ndi tiyi. Ine ndinakana. Ndinati zaka 30 si masewera, lero mkazi wanga adya patebulo la nsalu yoyera, wina akumuperekera. M'mawu amenewa munali chikondi, sindikana, koma munalinso matama. Ndinkafuna kuti anthu a m'hotelamo aone kuti nafenso ndife anthu.

Tinatsikira kodyera. Kunali nyali zoziziritsa, munthu wina akuimba piyano chapansipansi. Ndinayang'ana menyu, ndinasankha chambo cha K28,000 mbale imodzi, mbale ziwiri K56,000, ndi zakumwa ziwiri za K3,500 chimodzi. M'mutu ndinawonkhetsa msangamsanga, K63,000, ndipo ndinadziuza kuti zowawa koma tipirira. Chambo chinabwera chitagona pambali pa kampunga kochepa ngati ka mwana wodwala, ndi masamba atatu okongoletsa. Chinali chokoma, izo ndiye sindinganame. Mayi anadya mwakachetechete, n'kundinong'oneza kuti chambo chomwechi ku Mangochi akanagula chambiri n'kudyetsa mudzi.

Bilu itabwera inali K74,025. Ndinaitana woperekera zakudya uja n'kumuuza kuti makina awo alakwitsa. Mnyamatayo, mwaulemu wake wonse, anandilozera timalemba ting'onoting'ono pansi pa menyu, tonena kuti mitengoyo sinaphatikizepo misonkho. Chaka chimenecho VAT inali 16.5 peresenti, ndiye pa K63,000 inakwana K10,395. Panalinso 1 peresenti ya msonkho wa zokopa alendo, K630. Ndinawerengera pa kapepala kopukutira pakamwa kawiri konse, ndipo masamu awo anali olondola mpaka kwacha yomaliza. Tangoganizani, munthu amene ndaphunzitsa maperesenti kwa zaka zoposa 30, amene ndimalemba ndi choko chofiira kuti werengani funso lonse musanayankhe, ndinagwa pa funso la Fomu 1. Ndinalipira, n'kuwonjezera K2,000 ya mnyamatayo kuti manyazi achepe. M'thumba munatsala K29,975.

Mu chikepe simunamveke mawu. Titalowa m'chipinda mayi anakhala pamphepete pa bedi lalikulu lija n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi a masamu, ya nsapato za mwana ilipo?" Akanditchula choncho ndimadziwa kuti zinthu zavuta. Ndinayankha kuti yaperewera. Anati, "Abambo, ine sindinabwere kuno kudzaonetsa anthu kuti ndife olemera. Anthu amenewa sakutidziwa ndipo mawa atiiwala. Koma mwana akapita ku sukulu ndi nsapato zong'ambika, amene atamuseke ndi anthu otidziwa." Ndinayesa kunena kuti ndinachitira iwo. Anati akudziwa, ndipo n'chifukwa chake zikuwawawa kwambiri. Usiku umenewo tinagona pa bedi la mtengo wa malipiro anga a mwezi, wina kumphepete uku wina uko, pakati pakanatha kudutsa ngolo.

Sindinagone bwino. Cha m'ma 4 koloko ndinadzuka, ndinatenga kabuku ka hotela kamene kanali patebulo n'kukawerenga konse, tsamba ndi tsamba, ngati ndikukonzekera mayeso. Ndinatenga pepala n'kulemba mizere iwiri. Mbali ina ndinalemba zimene mwana uja analipira kale: chipinda, chakudya cha m'mawa, madzi otentha, tiyi wa m'chipinda, dziwe losambiramo, chipinda cha masewero olimbitsa thupi, intaneti, nyuzipepala za pamalo ochezera, munda wa maluwa, nsimbi yositira ukaipempha. Mbali inayo ndinalemba zofuna ndalama ina: kafiriji, kuchapitsa zovala, kuitanitsa chakudya kuchipinda, foni ya patebulo ukaimbira kunja, nkhomaliro ndi mgonero. Nditayang'ana pepalalo ndinaona kuti mzere woyamba unali wautali kuposa wachiwiri. Dzulo lonse ndinali nditathamangira zolipira, zaulere ndisanazikhudze n'komwe.

Mayi atadzuka ndinawapatsa pepalalo pamodzi ndi ndalama yonse yotsala. Ndinati kuyambira pano msungichuma ndinu. Anaseka pang'ono, koyamba chichokereni kodyera kuja.

Chakudya cha m'mawa chinali chodzitengera wekha, ndipo kabuku kaja kanati chimayamba 6:30 mpaka 10 koloko. Tinagwirizana zopita mochedwa kuti chigwire ntchito ya kadzutsa ndi theka la nkhomaliro. Tinakhala pamenepo ola limodzi ndi theka. Tinayamba ndi zipatso, kenako phala, kenako mazira amene wophika amakukazingira uli pomwepo mmene ukufunira, soseji, nyemba, mbatata, buledi wa mitundu inayi, tiyi wamkaka kapu zitatu. Palibe anatiyang'ana moipa. Azungu ndi mabwana a masuti amene anali pambali pathu ankachitanso chimodzimodzi. Mayi anafuna kukulunga mazira owiritsa mu kansalu, ine ndinati ayi, tifunse. Tinafunsa mnyamata wa dzulo uja, amene anali pantchito m'mawawo. Anati chipatso chimodzi kapena ziwiri munthu akhoza kutuluka nazo, koma kulongedza chakudya saloleza. Tinatenga nthochi ziwiri ndi maapulo awiri, mitima ili mbee.

Mnyamata ameneyu ndi amene anatithandiza kwambiri. Atamva kuti ndine mphunzitsi anamasuka, n'kutiuza kuti iyenso ndi anzake sadya za pamenyu, amakadya nsima chakumsika, ndipo anatilongosolera njira. Ndinaphunzirapo kuti m'hotela yaikulu munthu wodziwa mitengo yeniyeni ya mumzinda ndi woperekera zakudya, mlonda ndi mayi wokonza m'zipinda. Ukawalemekeza amakuuza zonse.

Tinatuluka wapansi, pageti pomwe ndinkaopa paja. Mlonda anatichitira sawasha n'kutifunira ulendo wabwino, osasamala kuti tilibe galimoto. K6,000 yanga ya takisi inandiwawa kachiwiri. Kunja kunali kachisanu ka chiperoni, kamphepo kaja kamene kanatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, koyenera kuyenda. Tinalunjika ku mishoni kukaona tchalitchi cha St Michael and All Angels. Inu ana anga mumaloweza kuti mzinda wa Blantyre unayamba mu 1876 ndi amishoni a ku Scotland, amene anautcha dzina la kwawo kwa David Livingstone. Koma kuloweza ndi kuona n'zosiyana. Tchalitchicho chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo zomangamanga, pamodzi ndi amisiri a konkuno amene anaumba ndi kuotcha njerwa zake pomwepo. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana mmene anapindira njerwa pa mazenera ndi pa nsanja, ndikuganiza za makona ndi magawo a bwalo amene ndimavutika kujambula pa bolodi. Scott yemweyo ndi amene anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892. Mayi, omwe za mbiri siziwakhudza kwenikweni, anagwira khoma n'kunena kuti njerwa za makolo zinali njerwa, osati zathu zofumbutuka ndi mvula imodzi.

Kuchoka apo tinabwerera m'tauni, kudutsa Victoria Avenue, mpaka ku Mandala House, nyumba ya 1882 ya kampani ya African Lakes. Ndinawafotokozera mayi kuti dzina loti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir, mmodzi wa abale awiri amene ankayendetsa kampaniyo. Anati ndiye kuti inenso ana akanatha kunditcha Mandala. Ndikudziwa kuti ena mwa inu munali ndi maina ena oipa kuposa limeneli, ndipo ndinakukhululukirani kalekale. Malo onsewa tinawaona osatulutsa ngakhale tambala.

Cha m'ma 2 koloko tinafika kumsika. Pa kalesitilanti kamene mnyamata uja anatiuza tinadya nsima ya nkhuku ya lokolo ndi mpiru wotendera, K8,000 anthu awiri, mitanda yake yoti munthu uimirire kaye usanamalize. Kenako mayi analowa m'kaunjika. Inu amene simunawaonepo akunenerera mtengo simudziwa kanthu. Nsapato yakuda yachikopa, yolimba, mnyamata anayambira pa K25,000. Mayi anaitembenuza, kuipinda, kuibweza, kuchokapo, kuitanidwa, kuchokanso, mpaka inatsika kufika K14,000. Tinagulanso mabanzi, mkaka, mtedza wokazinga ndi manachesi a ku Mwanza, zonse K4,500. Titadutsa pa zitenje mayi anaima pang'ono, anagwira chimodzi cha maluwa obiriwira, n'kuchisiya. Sananene kanthu, koma ine ndinaona. Chambo changa cha dzulo chinali chitadya chitenje chawo.

Masana tinabwerera ku hotela kukadya zaulere zathu. Ndinalumikiza foni ku intaneti yawo n'kutsitsa mabuku ndi mapepala a mayeso akale amene kunyumba akanandithera bandulo ya mwezi. Mayi anacheza pa vidiyo ndi mwana wathu wamkulu kwa ola lathunthu osayang'ana kuti mayunitsi atha. Kenako ndinati dziwe lija analipira kale, ndiyenera kulowamo. Abale, mwezi wa Ogasiti ku Blantyre madzi si anzako. Ndinalowa mpaka m'chiuno, mpweya unandithawa, ndinatuluka ndikunjenjemera ngati mwanapiye wogwa m'chitsime. Mayi, atakhala pa mpando wautali atafunda thawulo la hotela, anaseka mpaka misozi. Anati zaulere zina n'zofunika kuzisiya. Koma kuseka kumeneko ndi kumene kunachotsa mtambo wa dzulo, ndiye sindidandaula.

Madzulo sitinatsike kodyera. Tinawiritsa madzi mu ketulo, tinatulutsa nkhuku ndi mbatata zija, zomwe mayi anali atasunga m'kafiriji, pamodzi ndi mabanzi athu. Tinakokera mipando pazenera. Mzinda wonse unali pansi pathu, magetsi ali waliwali mpaka ku Ndirande. Kusanade kwenikweni tinkaona phiri la Soche, ndipo mayi anandikumbutsa za anthu a ku Chilobwe amene anakokoloka ndi matope pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Tinakhala chete kanthawi. Ukakhala pamwamba chotero, m'chipinda chofunda, n'kumayang'ana kumene anzako anataya ana ndi nyumba usiku umodzi, K74,025 imaoneka mwina.

Kenako mayi ananena mawu amene sindidzawaiwala. Anati, "Abambo, mukudziwa chimene chandisangalatsa kuno? Si chambo chija ayi. Lero ndadzuka dzuwa litatuluka. Sindinakoleze mbaula, sindinatunge madzi, sindinasese, palibe anandiitana kuti amayi sopo ali kuti. Chikwatiwireni sindikumbuka tsiku lina lotere, kupatula masiku amene ndinagona kuchipatala pobereka." Ine ndinasowa choyankha. Zaka 30 ndakhala ndikudzuka n'kupeza madzi osamba ali kubafa, tiyi ali patebulo, malaya atasitidwa, ngati kuti zimangochitika zokha. Kunena mosabisa, ine ndakhala m'hotela moyo wanga wonse wa pabanja, bilu yake osaiona. Mphatso ya mwana uja kwenikweni inali ya mayi, ndipo chinthu cha mtengo wapatali m'nyumba yonse ija chinali tulo tawo. Ine ndinatsala pang'ono kuwalanda ngakhale timeneto ndi matama anga.

Lamulungu tinadyanso kadzutsa mwachifatse. Nthawi yotulukira inali 10 koloko, koma titapempha anatilola kukhala mpaka 12 popanda kulipira, poti chipindacho chinalibe mlendo wina msanga. Mayi anagonanso ola lina. Potuluka, kamtsikana ka polandirira alendo kanati pali K7,000 ya zakumwa ziwiri za m'kafiriji. Ndinazizidwa. Mayi anafotokoza kuti anazitulutsa n'kuziika m'kabati kuti nkhuku yawo ipeze malo, ndipo anaiwala kubwezera. Anatuma munthu kukaona, anazipeza zili zosatsegula, ndipo anafufuta ngongoleyo n'kupepesa. Tikanakhala anthu ongosaina osawerenga, kapena tikanasiya chikole chija, mwina bwenzi titangodulidwa osadziwa. Tinasiyira mayi wokonza m'chipinda K2,000, tinatenga tisopo ting'onoting'ono timene anati ndi tathu, matawulo tinawasiya momwemo. Tinayenda wapansi mpaka pa Wenela, chikwama paphewa, m'thumba muli ya basi ndi K1,475.

Titafika kunyumba mwana wa ku Manchester uja anaimba kufunsa mmene tinayendera. Ndinafuna kungoti zonse zinali bwino. Koma ndinamuuza zoona zonse, za chambo, za VAT, za nsapato. Anaseka kwambiri, kenako anadandaula kuti bwanji sindinamuuze, akanawonjezera. Ndinati ayi mwana wanga, unachita mbali yako mopitirira, ndipo ukanawonjezera sindikanaphunzira kanthu. Anandiuza kuti iyenso kumeneko akapita ku msonkhano wa ntchito n'kugona m'hotela, amagula chakudya m'sitolo n'kukadyera kuchipinda, ndipo anzake achizungu amachita zomwezo popanda manyazi. Ndiye manyazi amene ndinawalipira ndalama zonse zija anali a ine ndekha.

Tsono aphunzitsi anzanga, ena mwa inu mudzaitanidwa ku maphunziro kapena ku msonkhano m'mahotela oterewa, kumene amakulipirirani chipinda koma m'manja osakupatsani kanthu kooneka. Ena ana anu adzakuchitirani ngati mmene anandichitira ine. Musakane, pitani, koma kumbukirani izi. Musananyamuke funsani bwinobwino chimene chalipiridwa ndi chimene sichinalipiridwe, ndipo wokulipiriraniyo akakufunsani ngati mukwanitsa, yankhani zoona. Mukafika funsani za chikole, ndipo ngati thumba ndi lopepuka pemphani kuti muzilipira pompopompo. Musanaitanitse chakudya funsani ngati mtengo waphatikiza kale misonkho, chifukwa mahotela ena amaphatikiza, ena ayi, ndipo misonkhoyo imasintha ndi zaka. Werengani kabuku ka m'chipinda tsiku loyamba, osati usiku wa mavuto ngati ine. Kadzutsa mudye mochedwa ndi mokwanira, nkhomaliro mukadye kumene amadya ogwira ntchito pahotelapo, mgonero ketulo ikuthandizani. Zovala chapani kunyumba, nsimbi pemphani. Kafiriji mukakagwiritsa ntchito bwezerani zinthu m'malo mwake. Potuluka werengani bilu mzere ndi mzere musanasaine. Ndipo pa ndalama imene mwapulumutsa, kumbukirani amene anakuyalirani bedi, chifukwa malipiro awo sasiyana kwenikweni ndi athu, mwinanso ndi ochepa.

Ngati mukufuna kudya kamodzi patebulo la nsalu yoyera, idyani, si tchimo. Koma mugwirizane kaye ndi amene mwapita naye, muwerengere limodzi, ndipo muchite chifukwa mwafuna nokha, osati chifukwa cha maso a anthu osakudziwani.

Lisiti ya chambo ija ndinaisunga. Teremu itayamba ndinailemba pa bolodi m'kalasi ya Fomu 1, mitengo yokha popanda misonkho, n'kufunsa ana kuti munthu amene ali ndi K70,000 angakwanitse kulipira kapena ayi. Theka la kalasi linati angakwanitse. Ndinawauza kuti asadandaule, mphunzitsi wawonso anayankha choncho, ndipo tsiku limenelo maperesenti analowa m'mitu mosavuta kuposa zaka zonse. Chitenje cha maluwa obiriwira sindinachipezenso, koma kumapeto kwa Okutobala ndinagula china chofanana nacho pa Lizulu. Ndipo Loweruka lililonse mbaula ndimakoleza ndine, mayi amadzuka dzuwa litatuluka. Anzanga ena a pa stafu akuti ndinadyetsedwa mankhwala. Asiyeni anene.

Inu ana anga, kulikonse kumene muli, werengani funso lonse musanayankhe, ndi timalemba ta pansi tomwe.